Kuyenda Awiri Si Mantha

Sendera kuno, mdzukulu wanga, ndilione bondolo. Usalibise ndi thalauza. Amayi ako andiuza kale kuti dzana unagwa ndi njinga yamoto ku Limbe, katundu wa eni ake ali kumbuyo, ndipo utadzuka unayamba kutolera maphukusi magazi akuchucha, galimoto zikukulambalala. Andiuzanso kuti anzako akuntchito akhala akukuitana ku bungwe la ogwira ntchito, koma iwe ukuti kupita kumeneko n'kuputa dala mabwana. Sindikukalipira ayi. Khala pamphasapa, thobwa ilo lili mumphikamo. Ndikufuna ndikuuze za anthu a kumtundu kwako amene ananyamula mauthenga a eni ake iwe usanabadwe, ngakhale ine ndisanabadwe, ndi zimene ntchitoyo inawachita m'thupi.

Ndikati ndikumbukire agogo anga, bambo awo a mayi anga, chimene chimayamba kubwera m'maso ndi mapazi awo. Anali otambalala ngati khasu. Zidendene zinali ndi ming'alu yoti njere ya chimanga n'kubisalamo, ndipo zala ziwiri za phazi lamanzere zinalibe zikhadabo, matekenya anadya kalekale. Madzulo alionse agogo aakazi ankatereka madzi n'kuwathowa mapaziwo, kenako n'kuwapaka mafuta a nsatsi. Ine, kamnyamata ka zaka 8, ntchito yanga inali yogwira nyali. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Agogo, mapazi anuwa anatani?" Iwo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Awa anawerenga makalata onse a boma, mwini wake asakudziwa ndi A yemwe."

Agogo anali mtengatenga wa makalata. Positi inafika m'dziko muno mu 1891, chaka chomwe Angerezi anayamba kutilamulira, Harry Johnston ali mkulu wa boma. Mapositi ofesi oyambirira anali kuchigwa, ku Chiromo kumene Ruo amathira mu Shire, ndi ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Kalata yochokera ku Ulaya inkatsikira pa doko la Chinde, kumathiriro a Zambezi, n'kukwera sitima yapamadzi yotsata Zambezi ndi Shire. Pamene sitima yathera, mapazi a munthu ankayambira pomwepo. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma sinakhote kupita ku Zomba kumene kunali Bwanamkubwa ndi maofesi ake onse. Mtunda umenewo, mamailosi pafupifupi 40, kudutsa pa Njuli, Namaka, Namadzi ndi Thondwe, ndiwo unali munda wa agogo. Ukadzadutsa pa Namaka udzaime. Pali kanyumba kamene anakasandutsa kosungiramo zakale, amakatcha Mtengatenga. Pamalo amenewo ndi pamene onyamula makalata ankapumira ndi kupatsirana matumba.

Ankanyamuka chisisira, chifukwa usiku dzuwa siliwotcha, ndipo kalata inkafunika ifike ofesi isanatsegulidwe. Ankayenda awiriawiri. Wina thumba pamutu, pa nkhata. Mnzake patsogolo ndi nyali ndi nthungo, nthawi zina ndi mfuti yakale ya boma imene agogo ankati inkalira ikafuna yokha. Akadula mtunda ankasinthana. Mayendedwe ake anali kaliwiro kapang'ono kosalekeza, koti ukaima thukuta limazizira pathupi n'kukuitanira chibayo. Chovala chinali chisoti chofiira ndi malaya a boma, nsapato panalibe. Minga ankazula m'mawa, atafika. Mame a Juni ankaluma ming'alu ngati tsabola, ndipo mphiri yogona panjira inkaonedwa ndi wa nyali yekha. Kamba anali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Malamulo anali atatu: thumba lisanyowe, chidindo cha pakamwa pa thumba chisasweke, ndipo usachedwe. Lamulo lonena za munthu wonyamulayo panalibe ndi limodzi lomwe.

Masiku amenewo tchire linali tchire. Inamveka mbiri ya anzawo a kutsidya, dziko limene lero ndi Zambia, amene mu 1907 anakumana ndi mikango kufupi ndi Petauke atanyamula makalata opita ku Fort Jameson, Chipata ya lero. Anthu anathawa, mikango n'kung'amba matumba, ndipo chimene boma linalengeza ndi kutayika kwa makalata. Agogo anachezerapo mumtengo kufupi ndi Namadzi, nyali itazima, chilombo chikuzungulira pansi ndi kupuma kwake kolemera. Pakati pa usiku tulo ta kutopa tinayamba kuwagwira. Mnzawo anavula nsalu yake ya m'chiuno, anawamangirira ku nthambi, ndipo usiku wonse ankawatsina ndi kuwafunsa mayina a ana awo kuti asagone. Tambala atalira, chilombo chinapita. "Ndikanakhala ndekha," ankatero agogo, "ndikanagwa ngati papaya lakupsa."

Mnzawoyo anali Mlomwe, mmodzi wa aja amene anawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anayenda limodzi zaka 6. Dzina lake agogo sankalitchula, ankangoti "mbale wanga uja". Chaka china, mwezi wa Febuluwale, mvula inagwa masiku atatu osaleka. Agogo anagwidwa ndi malungo, thupi lonse likunjenjemera pamphasa. Kapitawo anati palibe wina wolowa m'malo, makalata a boma sadikira malungo, mnzawoyo apite yekha. Anapita. Pa Thondwe anapeza mtsinje utadzaza, madzi ofiira, akukokolola zitsa. Akanakhala awiri, wina akanamanga chingwe cha luzi pamtengo n'kuchigwira pamene mnzake akuwoloka, monga ankachitira nthawi zonse. Iye analowa yekha, thumba pamutu.

M'mawa anthu a m'mudzi wapafupi anapeza thumba lili pamtunda, kutsidya la ku Zomba, chidindo chili bwinobwino, makalata ouma. Pamatopepo panalibe phazi la munthu. Ndiye kuti madzi atamugonjetsa, mphamvu yomaliza imene akanagwirira nayo bango anaponyera thumba. Mtembo unapezeka patapita masiku atatu, utakodwa m'mabango kumunsi. M'buku la kuofesi analembamo kuti makalata achedwa ndi tsiku limodzi. Mkazi wake anapatsidwa malipiro a masiku amene mwamuna wake anagwira mwezi umenewo, basi. N'chifukwa chake, mdzukulu wanga, amayi ako atandiuza zoti unayamba kutola maphukusi magazi akuchucha, usiku umenewo tulo sindinatione.

Agogo atachira, amtengatenga onse a njira imeneyo anakumana. Anasonkha makobiri, anamugulira namfedwa nsalu, ndipo chaka chimenecho anamulimira munda. Kenako anapangana chinthu chimodzi. Tsiku lina madzulo, nthawi yonyamuka itakwana, onse anakhala pansi pa mtengo kunja kwa ofesi, matumba ali pakhonde. Kapitawo anakalipa mpaka mawu kusasa. Mzungu anatuluka, chikoti chili m'manja. Wamkulu wawo anavula chisoti n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, ntchito sitikukana. Koma nyengo ya mvula munthu asapitenso yekha. Mnzake akadwala mupeze wina, apo ayi thumba ligone." Mzungu anayang'ana dzuwa, anayang'ana matumba. Kukwapula mmodzi akanatha, kuchotsa awiri akanatha, koma usiku umenewo kunalibe anthu ena odziwa njira ndi madooko ake. Anavomera. Mawu akuti yuniyoni anali asanafike m'makutu mwawo. Iwo ankangoti kuyenda awiri si mantha.

Dzina la mtengatenga linadzalemera kwambiri nkhondo ya Ajeremani itayamba mu 1914. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, kuyambira ku Karonga mpaka m'nkhalango za ku Tanganyika ndi Mozambique, ndipo ambiri anatsala konko ndi kamwazi, njala ndi chibayo. Mng'ono wawo wa agogo anapita osabwerako. Agogo anapulumuka chifukwa cha chisoti chofiira chija. Koma malole atachuluka m'misewu, chisoti chomwecho anawauza kuti abweze. Anabwerera kumudzi ndi mawondo otupa ndi chifuwa chodzuka nthawi iliyonse chiperoni chikawomba, m'manja mulibe kanthu.

Ine kufunika kwa kalata ndinakuonera pa mayi anga. Bambo anali ku Wankie, kumigodi ya malasha, monga amuna ambiri a nthawiyo amene anapita ku Halale kapena ku Joni pa Wenela. Mayi ankayenda wapansi kukafunsa ku positi, n'kubwerera chimanjamanja, sabata yamawa n'kupitanso. Kalata ikabwera ankapita nayo kwa aphunzitsi a pamishoni kuti awawerengere, ndipo akafika kunyumba ankaisunga m'chitini pamodzi ndi chiphaso cha msonkho. Pa njala ya 1949, ndalama imene inabwera pa positi ndiyo inatigulira chimanga. Mabanja ena amene amuna awo anasanduka matchona anaika ana m'manda. Tsono nditamaliza Sitandade 6 n'kulembedwa umesenjala wa matelegalamu mu 1961, ndinkaona ngati ndalowa ntchito yopatulika. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo agogo anali atangotisiya kumene.

Anandipatsa njinga yakapalasa, yunifolomu ya khaki ndi kachikwama ka chikopa. Mikango inali itatha, koma kumayadi kunali agalu. Chipsera ichi cha pakatumba ndi cha galu wa m'nyumba ina yokhala ndi mpanda wa maluwa. Mwini wake anasaina telegalamu n'kutseka chitseko, ine magazi akulowa m'nsapato. Ndinabayidwa majakisoni a chiwewe pamimba masiku oposa 10 otsatizana, ndipo masiku amene ndinalephera kupalasa, kapitawo wina anandilembera kuti ndajomba. Mvula ikagwa unkabisa telegalamu m'khwapa, iwe n'kunyowa mpaka m'kati. Anzathu a matelefoni, poti nthawi imeneyo tinali amodzi, ankakwera mapolo mitambo itada, mphezi zikung'anima, kuti waya usagone woduka. Malamulo atatu a agogo aja anali akadalipo, anali atangovala nsapato.

Patapita zaka ndinakwezedwa kukhala kalaliki m'chipinda chosankhira makalata pa ofesi ina ya m'tauni. Anthu akunja ankatisirira, poti tinkagwira ntchito pamthunzi. Za fumbi sankadziwa. Thumba la makalata limagudubuzika pa lole, limagona m'bogi ya sitima ndi m'mimba mwa Ilala, limacheza ndi makoswe, ndipo ukalikhuthula patebulo fumbi lonselo limakwera mbuu kumaso. Mazenera anali ang'onoang'ono, okhomedwa kuopa akuba. Ukamina madzulo, mamina ankatuluka akuda. Pakona pankayaka kanyali kosungunulira phula lofiira lomatira makalata a rejisitala, ndipo panalibe kalaliki wopanda zipsera m'zala. Matumba tinkatseka ndi tizidindo ta mtovu, kenako n'kudya chigumu ndi manja omwewo, osadziwa kuti mtovu ndi poizoni wolowa mwakachetechete. Maphukusi ena ankadontha zinthu zosadziwika, ena ankabaya ndi misomali. Nyengo ya Khirisimasi thumba limodzi linkalemera ngati la chimanga, ndipo tinkalikweza pa lole ndi msana, kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Msana uwu umene ukundiletsa kuwerama lero unapindikira pamenepo.

Panalinso katundu wina amene sikelo siyeza. Mu Juni 1972 mgodi wa malasha unaphulika ku Wankie, anthu 427 n'kuthera pansi, ena mwa iwo akwathu kuno. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi amuna a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Mauthenga a maliro ankadutsa m'manja mwathu tsiku ndi tsiku, ndipo ife ndife tinkayamba kuwawerenga eni ake asanadziwe. Mesenjala akaima pakhomo ndi envulopu, amayi ankayamba kulira asanaitsegule. Mnyamata wina amene ndinkamuyang'anira anayamba kumwa kachasu chifukwa cha zimenezi, ndipo palibe anamufunsa kuti chikumudya n'chiyani. Tinkangoti ndi uchidakwa. Lero ndimadziwa kuti anavulala pantchito, monga ine ndi msana wanga.

Panali bambo wina wachikulire amene anandiphunzitsa kusankha makalata, munthu woti ankadziwa Private Bag iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje osayang'ana m'buku. Anayamba kutsokomola. Ife tinkati ndi fumbi, nawonso ankati ndi fumbi. Kupempha tchuthi ankaopa, poti anali pafupi kupuma ndipo sankafuna kuoneka wotha mphamvu. Anatsokomola chaka chathunthu m'chipinda chotseka chija, ife titathithikana nawo patebulo limodzi. Pamene ankapita kuchipatala, chinali chifuwa chachikulu chitafika kale patali. Anamwalira, ndipo anyamata ena awiri a patebulo lomwelo anachitenga. Tinasonkha ndalama ya bokosi, monga anachitira agogo ndi makobiri awo. Koma kukhala pansi pa mtengo sitinakhale.

Unganene kuti tinali amantha, ndipo sindingakutsutse, koma umve nyengo yake. Mabungwe a ogwira ntchito analipo m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1940, pamene madalaivala a ku Blantyre anayambitsa lawo, ndipo anathandiza nawo kumenyera ufulu. Ufuluwo utabwera mu 1964, sipanapite nthawi mabungwe onse anaikidwa m'khwapa mwa chipani cholamula. Amene ankalankhula kwambiri anatsekeredwa kapena kuthawira kunja. Kwa ife ogwira makalata mantha anali owirikiza, chifukwa aliyense ankadziwa kuti makalata ena amatsegulidwa ndi apolisi achinsinsi, ndipo sunkadziwa kuti mwa anzako khutu la boma ndi ndani. Anthu atatu mukaima pamodzi kukambirana za zenera, wachinayi ankatha kukanena kuti mukukambirana za ndale. Tinaphunzira kumeza fumbi pamodzi ndi mawu.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa uthenga wawo umene unawerengedwa m'matchalitchi. Waona, inali kalatanso. Mu Epulo Chakufwa Chihana, munthu wa mabungwe a ogwira ntchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ku Blantyre ananyanyala, moto n'kufalikira ku makampani ena mpaka ku Lilongwe, ndipo anthu makumi angapo anafa ndi zipolopolo. Pa 14 Juni 1993 tinavotera zipani zambiri. Ufulu umene iwe ukuchita nawo manthawu, pali ana a eni ake amene anaufera mumsewu.

Msonkhano woyamba wa bungwe lathu tinachitira kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo wa mango, nthawi ya nkhomaliro. Ndinali ndi zaka 51, imvi zitayamba, koma mawondo ankagundana. Ambiri ankafuna tiyambe ndi malipiro, ndipo sanalakwe, poti ndalama inali itayamba kuchepa mphamvu. Ine ndinaimirira n'kufotokoza za pa Thondwe. Nditamaliza kunali zii. Mayi wina wa pakauntala, amene anali atalozedwapo mfuti ndi achifwamba, ndiye anatenga pepala n'kuyamba kulemba. Tinapempha mazenera otseguka, zotseka pakamwa ndi mphuno pokhuthula matumba, ngolo yokankhira katundu, malire a kulemera kwa thumba limodzi, majasi a mvula a amesenjala, madzi ndi sopo, bokosi la mankhwala, kupimidwa chifuwa kamodzi pachaka, ndi kuti wonyamula ndalama asayende yekha. Kalatayo tinasaina tonse, mayina athu tinawalemba mozungulira ngati nkhata kuti pasaoneke woyamba. Palibe anachotsedwa ntchito. Sitinapeze zonse, ndipo zina zinatenga zaka. Koma tsiku limene anabowola khoma n'kuikapo zenera lalikulu, mphepo n'kulowa m'chipinda chija, ndinakumbukira bambo aja amene anandiphunzitsa kusankha makalata ndipo ndinatuluka panja kukapukuta misozi.

Bungwe lomwelo ndilo linatigwira dzanja m'zaka za Edzi, pamene mwezi sunkatha osaika mnzathu, mankhwala aulere asanabwere mu 2004. Linaimira odwala kuti asatayidwe ngati chiguduli, ndipo linatsatira ndalama za amasiye m'maofesi mpaka zitatuluka.

Zimene agogo anapempha chisoti chili m'manja, lero zili m'malamulo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezeka ndiponso wolowa bungwe la ogwira ntchito. Mu 1996 kunabwera lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, limene limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cholowa bungwe. Mu 1997 kunabwera la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, lokakamiza bwana kusamala malo ndi zipangizo, ndipo mu 2000 la chipukuta misozi kwa wovulala pantchito. Bondo lakoli lili m'malamulo amenewo. Koma lamulo lili ngati kalata: likangokhala m'thumba pakhonde popanda wolinyamula, silifika kwa mwini wake.

Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira yeniyeniyo. Agogo ankati kuchokera pa Njuli mpaka pa Namadzi unkayenda pansi pa mitengo, ndipo kuti mtsinje ulusa pankafunika mvula ya masiku. Lero mapiri tinawameta ndi nkhwangwa ndi makala, mvula ya maola awiri madzi amatsika nthawi imodzi ndi miyala ndi matope. Napolo wa ku Zomba wa mu Disembala 1946 tinkamusimba ngati chinthu choona kamodzi pa moyo wa munthu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000, anagumula milatho, anakwirira nyumba kwathu ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe mu Blantyre. Iwe ndi anzako ndinu mumayenda m'misewu imeneyo, mukupuma utsi wa malole, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, foni ikulira m'thumba kuti mwachedwa. Mkango wanu ndi minibasi yokhota mosaonetsa, Thondwe wanu ndi ngalande yosefukira pamsewu.

Ukuti chiyani? Kuti ntchito ikusowa, ukadandaula pachipata pali anyamata 100 odikira njinga yako? Ndakumva, ndipo ukunena zoona. Nawo amtengatenga ankadziwa kuti m'midzi muli amuna ofuna ndalama ya msonkho. N'chifukwa chake sanatume munthu mmodzi kukalankhula ena atabisala. Anakhala pansi onse. Woyenda yekha sangauze bwana kuti lero mlatho wamira, phukusi ligone. Anthu 30 angathe. Ndipo bwana wanzeru amadziwa kuti njinga yogona kugalaja ndi mnyamata wogona kuchipatala sizimupindulira kanthu. Nthawi zambiri amangofunika omuuza mwaulemu, ndi mawu amodzi, zolembedwa papepala.

Ndiye ndikupemphe zinthu zochepa. Mawa upite kuchipatala, bondolo akalione, akulembere pepala ndipo ulisunge. Ukanenenso kuntchito kuti ngoziyo ilowe m'buku ndi dzina lako, pasadzalembedwe kuti katundu anangochedwa. Chipewa cholimba chija uzimanga lamba wake pachibwano, osangochikhazika pamutu. Ukadzagwanso, Mulungu aletse, uyambe wachoka pamsewu ndi kudziyang'ana wekha. Phukusi lili ndi linzake m'sitolo, amayi ako alibe mwana wina wamwamuna. Ndipo Loweruka anzako akakuitana, upite. Ngati sukufuna kulankhula usakalankhule. Ukakhale pansi, ukamve, ukalembetse dzina, kuti tsiku limene mnzako adzalowe m'madzi padzakhale wogwira chingwe.

Tsono tandipatsira beseni ilo, madzi afunda. Mchere uli pawindopo. Tambasula mwendowo, ndikuthowe monga agogo aakazi ankathowera mapazi aja. Iwe ugwire nyali.